Tsiku lobadwa la akunyumba, m'mphepete mwa Zambezi

Abale anga owerenga tsamba lino, ambiri mwa inu mumandidziwa ndi mawu okha. Ndine uja ndimawerenga moni pa wailesi Lamulungu masana. Pamene ndinkayamba ntchito, moniyo ankabwera pa mapepala ong'amba m'kope la mwana wa sukulu. Lero amabwera pa foni, koma nkhani ndi yomweyo: wakuti wa ku Dómuè akufunira zabwino wakuti wa ku Tsangano amene wakwanitsa zaka zakutizakuti, muwaikireko nyimbo. Ndawerenga mauthenga otere mpaka kukhosi kuuma. Tsono tsiku lina madzulo, akunyumba ali pamphasa kusankha nyemba, anandifunsa osandiyang'ana n'komwe: "Bambo, anthu a Angónia yense mumawakumbukira tsiku lawo lobadwa. Nanga ine ndinachita kugwa kumwamba?"

Ndinasowa pogwira. Tsikulo ndimalidziwa bwino, koma m'zaka 9 za banja lathu chachikulu chimene ndinachitapo ndi kugula botolo limodzi la refresko, limenenso ana analanda.

Tinene zoona, mwambo umenewu si wa makolo athu. Agogo ankangoti ndinabadwa chaka cha dzombe, kapena nthawi ya masuku, nkhani n'kuthera pomwepo. Ngakhale tsiku la akunyumbali lili ndi mbiri yake. Iwo anabadwa mu 1992, osati kuno koma ku Malawi, kumene makolo awo anathawira nkhondo monga anachitira ambiri a m'maboma ano a m'malire. Masiku amenewo anthu a ku Mozambique othawira m'dziko lija anapitirira miliyoni imodzi. Chinali chaka cha chilala, chaka cha nsima yachikasu. Atabwerera kuno, pokalembetsa mwana, apongozi anafunsidwa tsiku limene anabadwa. Iwo anati tsiku sakulidziwa, koma mchombo unali usanagwe pamene wailesi inkalengeza kuti nkhondo yatha. Mlembi uja sanavutike, anangolemba 4 Okutobala, tsiku limene pangano la mtendere linasainidwa ku Roma. Choncho akunyumba akamakwanitsa chaka, dziko lonse limapuma ntchito.

Ndinaganiza zolipira ngongole yonse pakamodzi. Tili pachibwenzi ndinawalonjeza kuti tsiku lina ndidzapita nawo kunja, lonjezo la mnyamata wopanda ngakhale njinga. Ndinati chaka chino, cha 2025, titsikire ku Tete, tikayambe za mapasipoti, kenaka tikadye chakudya chophika ena. Ndinagulitsa nkhumba imodzi, ana tinawasiya kwa apongozi, ndipo Lachisanu pa 3 Okutobala tinakwera shapa ku Ulónguè tambala atangolira kachiwiri.

Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 230, koma ndi ngati kuchoka m'nyengo ina kulowa m'nyengo ina. Tinanyamuka titavala majuzi, mapazi ali pamwamba pa matumba a mbatata ya kachewere ndi kabichi opita kumsika wa mumzinda. Pofika pa Mussacama, pamene msewu wathu umakumana ndi uja wochokera ku Zóbuè, majuzi anali ali m'chikwama. Kutsika pang'ono, mitengo ya bulugamu ndi minda yobiriwira ya m'madimba zinatha, m'malo mwake munayamba milambe yopanda tsamba, mbuzi, ndi miyala yotentha. Ku Moatize tinaona milu yakuda ya kumigodi itatalika ngati mapiri, ndi sitima ya malasha yaitali yosaoneka kumathero. Sitima imeneyo imadutsa m'kati mwa Malawi popita kudoko la Nacala. Bambo wina m'shapamo anati: "Onani, malasha amapita kunja tsiku ndi tsiku, ife eni dziko tili pompano." Anthu anaseka, koma akunyumba anangondigunda ndi chigongono.

Ndikudziwa kuti wina wa ku Calómuè kapena ku Tsangano akufunsa kale kuti pasipoti ndi ya chiyani. Funsolo ndi loona. Ife kunja kuli kutsidya kwa msewu. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu waukulu wa Malawi umayenda m'malire enieni, moti pa Lizulu munthu amagula tomato m'dziko lina n'kukadikira chenji m'dziko lina. Timadumpha kupita kuchigayo, kumaliro, kuukwati, popanda wofunsa. Koma zimenezo ndi za m'mphepete, kumene amfumu a mbali ziwiri amadziwana. Ukalowa m'kati, pa zotchinga za apolisi pamsewu, kuyankhula Chichewa chosalala sikukuthandiza. Amafuna chidindo. Ndipo ine sindinafune kuti ulendo wa mkazi wanga ukhale wobisala kumpando wakumbuyo, mtima uli phaphapha poona yunifolomu.

Tinawoloka Revúboè, tinadutsa Chingodzi ndi Matundo, kenaka mlatho waukulu uja. Ku ofesi ya Migração tinapereka ma BI athu, anatijambula, anatenga zidindo za zala, tinalipira, natiuza kuti tidzabwerenso kudzatenga. Potuluka akunyumba anayang'ana malisiti awiri aja nthawi yaitali, nanena chapansipansi: "Apa ndiye matumba awiri a feteleza." Sanalakwe kwenikweni, ndipo unali mwezi wa Okutobala, mvula ili pakhomo. Tinakagona kwa msuweni wanga ku Matundo, ngati kumeneko n'kugona. Tinayala mphasa pabwalo chifukwa m'nyumba khoma linali lofunda ngati chiwaya mpaka pakati pa usiku.

Amene simunafikeko ku Tete mwezi uno, musamve za m'maluwa. Dzuwa la kumeneko limapitirira madigiri 40 osachita manyazi. Anthu amayenda m'mbali mwa makoma kufunafuna mthunzi, ndipo wogulitsa madzi ozizira ndiye mfumu ya msewu. Komabe mzindawu uli ndi chinthu chimene ife a kumapiri tilibe: mtsinje. Loweruka masana, tsiku lenileni la akunyumba, tinakwera chopela mpaka pa malo ena odyera oyang'anana ndi Zambezi, tinakhala pakhonde pansi pa denga la udzu. Madzi anali tambalale, akuyenda mwakachetechete ngati sakuyenda. Kutsidya amayi ankachapa pamiyala, mwana wina ataima pamtunda kuyang'anira ng'ona. Bwato limodzi linkawoloka mopingasa, wopalasa akulimbana ndi madzi. Mlatho unali pomwepo m'maso mwathu, wolendewera pa zingwe zachitsulo. Unatha kumangidwa mu 1973, nthawi ya Apwitikizi, dzina la Samora Machel unalandira pambuyo pake. Malole olemera masiku ano amadzera pa mlatho wa Kassuende, kumunsi kwa mzinda, umene unatsegulidwa mu 2014.

Mnyamata woperekera zakudya anabwera ndi kabuku ka mayina a zakudya. Ine ndinayamba kuwerenga kumanzere, kumene kuli zakudya. Akunyumba anayambira kumanja, kumene kuli mitengo. Atafika pakati anatseka kabuku nati: "Bambo, tiyeni tikagule nkhuku yamoyo ku Kwachena, ndikaphike kwa msuweni wanu." Ndinawauza kuti lero dzanja lawo siligwira mthiko. Ndipo poti safunsa anadya phula, anamuitana mnyamata uja n'kuyamba kumufunsa chilichonse: nsombayi yagwidwa liti, mbuziyi ndi yaikazi kapena tonde, mafutawo ndi atsopano kodi. Iwo ankafunsa m'Chichewa, iye ankayankha m'Chinyungwe, ndipo anamvana bwinobwino popanda Chipwitikizi changa chimene ndinali nditachikonzekera.

Anasankha pende wowotcha. Ine ndinasankha mbuzi, poti kufika ku Tete osalawa mbuzi ndi kungotha nsapato. Tinadikira nthawi yoti munthu akhoza kupita kudimba n'kubwerako, koma chakudya chitafika ndinawakhululukira. Eni dera amati mbuzi zawo zimakoma chifukwa zimadya masawu ndi malambe m'tchire louma lija. Kaya ndi masawu kaya ndi dzanja la wophika, nyamayo inali yofewa, yopanda fungo, ya tsabola woluma pang'ono ndi ndimu. Nsima yokha ndiyo inandikhumudwitsa. Inali yoyera bwino koma yopepuka, ya ufa wa m'sitolo, yoti ukadya masana pofika madzulo m'mimba mwayamba kale kufunsa. Pa nsima, Angónia sitiopa munthu.

Nkhondo inabuka pa tchipisi. Akunyumba anatola kamodzi, anakayang'ana uku ndi uku, nati: "Iyi ndi mbatata yathu. Mwina ndi ya m'matumba omwe aja tinapondapo dzulo." Anawerengera mbale ija ndi mtengo wake, napeza kuti timbatata tinayi tokazinga tagulidwa pa ndalama imene iwo amalandira akagulitsa pafupifupi theka la ndowa pamsika wa Ulónguè. Anamufunsa mnyamata uja kuti amagula kwa yani. Mpaka lero sindikudziwa ngati ankadandaula kapena ankafuna msika.

Ine ndinalimbana ndi foloko ndi mpeni, poganiza kuti malo otere amafuna zimenezo. Akunyumba anapempha madzi osamba m'manja, nayamba kumasula pende uja ndi zala, munga uliwonse paokha, mpaka mutu. Bambo wina wa tayi pa tebulo loyandikana anayang'ana, anaika foloko pansi, naitanitsa madzi nayenso. Pamapeto anyamata a pamalopo anabwera ndi kachidutswa ka bolo kali ndi kandulo pamwamba, zimene ndinali nditapangana nawo mobisa, nayamba kuimba nyimbo ija ya parabéns uku akuwomba m'manja. Mayi wa zaka 33, amene amakalipira ogula mbatata a malole popanda kuphethira, anabisa nkhope m'kapulana ngati namwali wotuluka m'tsimba.

Dzuwa litapendeka, kamphepo katayamba kuchokera kumadzi, ndinafunsa: "Tsono mayi, mapasipoti akatuluka tilowera kuti?"

Tete ndi malo oyenera funso limenelo, chifukwa misewu ya maiko imakumana pamenepo. Ukalowera kumwera umafika pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe. Ukabwerera kumene tinachokera, pa Zóbuè, walowa Malawi. Kumpoto kuli Cassacatiza, khomo la Zambia. Ine mtima wanga unali ku Joni. Ndinafotokoza za basi yodzera ku Harare ndi Beitbridge, ndi kuti kuyambira 2005 munthu wa ku Mozambique safunika viza pokacheza ku South Africa masiku osapitirira 30. Akunyumba anati: "Tikadya chiyani kumeneko, magetsi? Ndipo abale anu akationa adzayesa tabwera kudzakhala." Ndinatchula mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndinati ndi madzi omwewa asanafike ku Cahora Bassa, kumeneko amagwa kuphompho utsi wake n'kuoneka kutali. Anayang'ana mtsinje nati: "Madzi omwewa? Ndiye tawaona kale." Ndinatchulanso Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Achewa a maiko atatu amasonkhana kumapeto kwa Ogasiti kukaonekera kwa Kalonga Gawa Undi. Anati kumeneko ndi kwabwino, koma ndi ulendo wa gulu, wa palole ndi ng'oma, osati wa anthu awiri. Ndinaona kuti ndikhala pusi uja wa ichi chakoma ichi chakoma, choncho ndinatseka pakamwa.

Anakhala chete akupinda kapepala kopukutira m'manja, kenaka anati: "Ine ndikufuna ku Golomoti."

Ndinatsala pang'ono kuseka. Golomoti ali m'boma la Dedza, kumunsi kwa mapiri, ulendo woti munthu wochoka ku Ulónguè m'mawa akadya nkhomaliro atafika. Kugulitsa nkhumba chifukwa cha Golomoti! Koma nditayang'ana nkhope yawo, kuseka kunabwerera.

Nkhaniyi ndinkaidziwa mwapatalipatali, monga mkamwini amadziwira za kwa apongozi. Pothawa nkhondo, banja lawo silinakhale m'midzi ya m'malire monga ambiri. Bambo awo anatsikira kuchigwa kukafuna ganyu m'minda ya thonje, ndipo anthu a mudzi wina kufupi ndi Golomoti anawapatsa malo omangapo kanyumba. Akunyumba anabadwira m'kanyumba kameneko. Miyezi yochepa chabe mtendere utabwera, anthu akukonzekera zobwerera kwawo, bambo aja anadwala m'mimba namwalira. Eni mudzi, amene sanali abale awo ngakhale pang'ono, anakumba manda, anapereka nsalu, nawaika pakati pa akufa awo. Mu 1994 apongozi anabwerera kuno ndi ana atatu ndi mtolo pamutu, ndipo sanapondekonso.

"Mchombo wanga uli kumeneko, bambo anga ali kumeneko," anatero akunyumba. "Ndakhala zaka zonsezi ndikudumpha msewu pa Lizulu kukagulitsa nyemba, koma kuphiri kuja sindinatsikeko. Ndikufuna ndikalowe masana, ndi chidindo, osati ngati mwana wa othawa. Tikachoka pamenepo mundionetse nyanja. Amayi amati anandiberekera kumbuyo mpaka kukaiona, koma ine ndinali m'tulo."

Ndinaitanitsa refresko ina, tinatembenuza lisiti la chakudya, n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake.

Njira ndi yodziwika. Kuchoka ku Ulónguè mpaka pa Calómuè, kudinditsa potuluka, kudinditsanso polowa mbali ya Dedza. Viza sifunika pakati pa maiko awiriwa, koma zidindo ziwirizo musazinyoze, ndipo pobwerera ndi chimodzimodzi. Ndikudziwa anthu amene anaiwala chidindo chotulukira chifukwa chothamangira minibasi, nakavutika pa ulendo wotsatira. Kuchoka pa Dedza mutsata msewu wa ku Ntcheu mpaka pa Masasa, pamenepo mukhotera kumanzere kutsika Khwekhwerere, msewu wokhotakhota umene oyendetsa galimoto amautchula mwaulemu. Pansi pake ndi pa Golomoti. Chapafupi pali mishoni ya Mua, yoyambidwa mu 1902, kumene kuli nyumba ya Kungoni yosungiramo za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Imeneyo ndinaiwonjezera ine, poti mwamuna nayenso ayenera kupindulako. Kuchoka pa Golomoti msewu umapita ku Monkey Bay, ndipo kuseri kwa mapiri a kumeneko kuli Cape Maclear, mudzi wa asodzi wa Chembe.

Chondiseketsa ndi ichi: nyanja imeneyi ndi yathunso. Ku Niassa, pa Metangula ndi Cóbuè, madzi omwewo amagunda gombe la Mozambique. Koma munthu wa ku Angónia akafuna kukafika ku gombe lakelo mwachidule, ayenera kudutsa m'Malawi momwemo, kutulukira pa Chiponde, kulowa Mandimba, kukwera ku Lichinga, kenaka kutsikira kunyanja. Amene anajambula malire awa sanafunse munthu wofuna kudya chambo.

Pa za nthawi sitinakangane. Dzinja ayi, munda sungasiyidwe, ndiponso Khwekhwerere wa mvula sindimufuna. Tinagwirizana za mwezi wa Julaye kapena Ogasiti, chimanga chili m'nkhokwe, mbatata ya m'dimba itagulitsidwa. Pa za ndalama ndiye panatenga nthawi. Akunyumba ali m'gulu la shitiki ndi amayi anzawo a pamsika, ndipo anati apempha kuti ulendo wawo wolandira udzagwe mwezi wa Juni. Ine ndinalonjeza kusiya zina za Loweruka madzulo zimene sindizitchula pa tsamba lino. Tinagwirizananso kuti ndalama tidzasunga m'mametikali mpaka sabata ya ulendo, chifukwa kwacha ya Malawi siikhala malo amodzi. Mu Novembala 2023 inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atasunga makwacha m'chitini analira. Anyamata osintha ndalama pamalire ndi achangu m'zala kuposa m'maso mwanu, choncho werengani kawiri musanapereke zanu.

Akunyumba anawonjezera zimene ine sindikanaganiza. Neti ya udzudzu, poti ife a kumalo ozizira malungo a kuchigwa amatigwetsa msanga. Kusamba m'nyanja mosamala, poti m'madzi osayenda a m'mabango muli likodzo. Ndipo koposa zonse, zokapereka kumudzi kuja. Kumanda a eni ake munthu salowa ngati akulowa m'sitolo. Uyenera kuyamba waonekera kwa amfumu, kufotokoza kuti ndiwe yani, iwo n'kukupatsa munthu wokuperekeza. Tinalemba thumba la mbatata, nkhuku, makapulana awiri, sopo ndi mchere. Nditawerengera, mphatso zinaposa ndalama ya malo ogona kunyanja. Ndinati tichepetse. Anandiyang'ana nati: "Anthu aja anachepetsa nsalu poika bambo anga?" Ndinabwezera cholembera m'thumba.

Mkulu wanga atamva za matumba awiri a feteleza aja anagwira pakamwa. Anati chimanga sichimera pa chidindo. Sindinamutsutse, chifukwa munda wa kumtunda chaka chino tauthira manyowa a m'khola okha, ndipo m'mene zidzathere tidzaona pokolola. Koma iyeyo sanakhale nawo pakhonde paja.

Tinabwerera Lamulungu m'mamawa kuti ndikapeze pologalamu yanga ya masana. Pa Mussacama tinavalanso majuzi. Madzulo tinapita kukatenga ana, titanyamula chikowa wouma wa ku Tete ndi kachidutswa ka bolo kamene akunyumba anakulunga m'pepala. Apongozi analawa bolo, anati shuga wachuluka, kenaka mwana wawo anawafotokozera za ulendo. Anakhala nthawi osayankha, akusonkhezera moto umene unali kuyaka kale. Atatero anayamba kulongosola njira: mukatsika pa Golomoti mufunse chakuti, mudzawoloka kamtsinje kouma, pali mlambe waukulu wong'ambika pakati, nyumba ya amfumu inali kuseri kwake. Anatchula mayi wina amene ankawagawira ufa ndi kuwabwereka mtondo, nati kaya ali moyo.

Kenaka anatembenukira kwa ine, chinthu chimene sachita kawirikawiri, nati: "Akamwini, zaka 31 ndi zambiri. Mlambe uja mwina anadula. Inu awiri mukasochera. Pasipotiyo amajambula ndi okalamba omwe?"

Nkhumba yatsala imodzi m'khola, ndipo ndi yaikazi, ya bere. Ndawauza apongozi kuti ayang'ane BI yawo ngati isanathe ntchito.